Apongozi Anga ndi Achifwamba a ku Norway

Boma litalengeza Lamulungu lija kuti tonse a mu Perth, kuno ku Australia, tibindikire m'nyumba chifukwa cha kolona, anthu anathamangira kumashopu kukalimbirana mapepala a kuchimbudzi. Ine ndinangokhala pansi n'kumayang'ana pabalaza pathu. Ndinadziwa kuti nkhondo yanga ikhala pamenepo.

Pabalaza pathu kuno ku Mirrabooka mpapang'ono. Pali sofa, TV, katebulo komwe ndimaikapo kompyuta ndikamagwirira ntchito kunyumba, ndi mpando umodzi wa pakona. Mpando umenewo uli ndi mwini wake. Ndi wa apongozi anga aamuna, a Kamwendo, omwe anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale ku Dowa mpaka anapuma. Anabwera chaka chatha kudzaonerera mwana wawo Chisomo, yemwe ndi mayi a kunyumba kwanga, akulandira digiri ya unamwino. Ankati akhala miyezi itatu. Ndege zinasiya kuuluka, malire anatsekedwa, ndipo chaka chikukwana ali pampando womwewo. Apongozi aakazi anatsala ku Lilongwe, akuyang'anira nkhuku zawo.

Amuna anzanga okwatira, mukundimva. Kwathu mpongozi timamulemekeza tili patali, tikakumana panjira wina amapatuka. Nanga m'kanjira kopita kubafa mungapatukire kuti?

Koma zanga zinali zazing'ono. Vuto lenileni linali pakati pa agogo ndi adzukulu awo.

Tili ndi ana awiri aakazi, Tadala wa zaka khumi ndi Mwayi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chichewa amamva ndithu, koma poyankha amayankha m'Chingerezi, chakuno chotulukira m'mphuno chija. A Kamwendo anaphunzitsa Chingerezi zaka zambirimbiri, koma cha adzukulu awo chimawadutsa. Mwana akalankhula, iwo amati, "Wati chiyani?" Akabwereza, amamukonza galamala. Akabwerezanso kachitatu, amamuuza kuti aziima mowongoka polankhula ndi akuluakulu. Mapeto ake anawo anapeza njira yachidule. Akapereka moni wa m'mawa, tsiku lonse ankangoulambalala mpando wa pakona uja ngati pali dzenje.

Loweruka, m'bindikiro usanalengezedwe, a Kamwendo anaitanira mwana wawo kukhitchini. Ine ndinkatsuka mbale, ndiye ndinamva zonse.

"Chisomo, undipezere ndege. Iliyonse, ngakhale yodzera kutali."

"Adadi, simukumva mmene zinthu zilili kumudzi? Pafoni ndi mauthenga a maliro okhaokha. Mukufuna mukwere ndege zitatu pa msinkhu wanuwu?"

"Nanga kuno ndikuchita chiyani? Kudya ndi kugona basi. Ngakhale ana awa sadziwa kuti ndimakhaliranji pano."

Mayi a Tadala anangotenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale. Bambo awo amawadziwa, akanena chinthu sabwerera.

Tsono linafika Lachitatu. Sukulu zomwe zimayenera kutsegulidwa sabata imeneyo zinali zitaimitsidwa. Kunja dzuwa la Febuluwale likuwotcha ngati mbaula, utsi wa moto wolusa wa kumapiri uli ponseponse, zenera osatsegula. Mayi a Tadala anali kuntchito kuchipatala ku Joondalup, poti anamwino sabindikira. Anawo anali atakangana kale za chidole, za kapu yofiira, ndi za yemwe anayamba kuyang'ana mnzake. Ine lipoti la abwana lili pakati. Ndinauza Tadala kuti apeze filimu iliyonse ya ana pa intaneti, bola m'nyumba mukhale bata.

Anasankha chifukwa cha chithunzi. Panali sitima ya pamadzi ya matanga akuda, ndi munthu wa chipewa chachikulu atanyamula lupanga. Inali filimu ya achifwamba a panyanja, yopangidwa ku Norway. Dzina lake musandifunse. Lili ndi chilembo china chonga o woti wina wamudula pakati ndi mpeni, ndipo ife ku pulayimale sitinafike pamenepo.

Ine Norway ndinkaidziwa ngati dziko lozizira la anthu aulemu, lomwe mbendera yake timaiona pazikwangwani za zitukuko m'mbali mwa misewu kwathu. Sindinkadziwa kuti nawonso amapeza nthawi yovala zipewa zazikulu n'kumathamangitsana pamwamba pa sitima.

Filimu itangoyamba, vuto linaoneka. Anthu ake sankalankhula Chingerezi. Ankalankhula chiyankhulo chawo, Chingerezi chili m'mawu olembedwa m'munsi, ndipo mawuwo ankathamanga kuposa maso a Mwayi. Tadala anayesa kumuwerengera mokweza, koma posachedwa anatopa n'kumuuza kuti aphunzire kuwerenga. Mlomo wa Mwayi unayamba kutalika. Ndinadziwa kuti kulira kuli pafupi.

Pa TV, kaputeni wa sitimayo anali atandandalitsa anthu ake, ndevu zili njenjenje, akukalipa zosamveka.

Kenako kupakona kunachokera mawu okhuthala.

"Anyamata inu! Ndani wadya mbatata yanga?"

Tonse tinatembenuka. A Kamwendo anali atatsitsa nyuzipepala yakale yomwe ankawerenga, nkhope ili gwa, maso ali pa TV. Kaputeni uja analoza wophika wa m'sitimamo, bambo wa chimimba wovala epuloni. Wophikayo atayamba kunjenjemera n'kuyankha, a Kamwendo anasintha mawu, akulankhula mopyapyala.

"Si ine bwana! Ine ndikusala kudya sabata ino, funsani abusa!"

Mwayi anaseka mpaka kugwa pasofa. Tadala anayesa kudzigwira, poti ndi wamkulu, koma mphuno inamuulula. Ine ndinachotsa mahedifoni.

Kuyambira pamenepo filimu inasamuka ku Norway. Kaputeni anapatsidwa dzina lakuti a Mandevu. Wophika anakhala a Chimimba. Kamtsikana komwe kanalowa m'sitimamo mozemba n'kubisala mumgolo kanatchedwa Nabanda. Achifwambawo atafunyulula mapu osonyeza komwe kunakwiriridwa chuma, a Kamwendo analengeza kuti imeneyo ndi kalata ya poloti, ndipo polotiyo a mfumu agulitsa kwa anthu atatu. Anawo nthabwala imeneyo sanaimve. Ndinaseka ndekha, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni apongozi anandiyang'ana ndi diso la munthu amene wapeza mnzake.

Achifwamba akayamba kuimba, iwo ankaimba nawo mawu awoawo, za mbatata yomwe inasowa ija, akumenya dzanja pampando. Ulendo wachiwiri anawo anali atagwira kale koyankhira.

Tiyeni tiime kaye pano, owerenga anga, tifunsane. Kodi n'chifukwa chiyani timawakonda achifwamba a m'mafilimu otere? Si akuba amenewa? Wina akakuthyolerani nyumba ku Area 25 mumamuimbira nyimbo?

Ndakhala ndikuganiza zimenezi sabata yonse. Achifwamba a m'filimu ija amakalipa kwambiri, koma palibe amene amatuluka magazi. Akamenyana ndi malupanga, mapeto ake wina amagwera m'madzi, n'kutulukamo nsomba ili pamutu. Kaputeni amene aliyense amamuopa amapusitsidwa ndi kamtsikana kosafika n'komwe m'chiuno mwake. Mwana amakhala tsiku lonse pansi pa mawu a anthu akuluakulu, chita ichi, siya icho. Akaona mwini mawu aakulu ataterereka n'kugwa chagada, mtima wake umazizira. Ndipo amaopa pang'ono, mantha okoma aja oti ukhoza kubisa nkhope mupilo diso limodzi lili panja.

Ife akuluakulu nafenso tinali ndi chathu. Anthu oti kokayenda tikupatsidwa ola limodzi patsiku, masiki kukamwa, tinkaona sitima ikungopita komwe yafuna, popanda chilolezo cha wina aliyense, nyanja ili yakeyake. Ndani sakanasirira?

Palinso china, chomwe makolo nonse mukuchidziwa. Filimu yotere suonera chala chili pa rimoti. Munayamba mwaonerapo filimu ya akuluakulu ndi apongozi, mwadzidzidzi awiri a pa TV n'kuyamba kuyandikirana? Umadzuka kukamwa madzi opanda ludzu. Ya achifwambayi tinaonera mibadwo itatu pabalaza limodzi, palibe anapita kukamwa madzi.

Tibwerere kusitima.

Panafika poti a Mandevu akuyenda pang'onopang'ono kulunjika pamgolo womwe Nabanda anabisalamo. Nyimbo inatsika. A Kamwendo anakhala chete. Kaya anatopa, kaya anachita dala, sindikudziwa. Dzanja la a Mandevu litafika pachivundikiro, Mwayi anaimirira pasofa n'kukuwa.

"Thawa iwe! Thawa! Akubwera a Mandevu!"

M'Chichewa. Mwana woti chibadwire sindinamumvepo akunena mawu a Chichewa opitirira "zikomo" ndi "ndakhuta".

Ine ndinatsala pang'ono kuombera m'manja, koma a Kamwendo anandiyang'ana ndi diso lauphunzitsi lija, ndipo ndinabweza manja. Anangonena ngati palibe chachitika.

"Wamva, Nabanda, mnzako akukuchenjeza. Mwayi, kuyambira pano Nabanda ndi iweyo. Ine mawu a atsikana andipweteketsa pakhosi."

Mwayi anatsika pasofa n'kukakhala pansi, pafupi ndi miyendo ya agogo ake, kuti azimvana bwino.

Tadala nsanje inamugwira. Iye ndi amene ankatha kuwerenga mawu a m'munsi, ndiye anadandaula m'Chingerezi kuti agogo akunama, kaputeni sananene za mbatata.

"Chabwino," anatero a Kamwendo. "Tiuze zomwe wanena. Koma dziwa kuti a Mandevu Chingerezi sadziwa. Sukulu analekera Sitandade 2."

Tadala anayang'ana pa TV, milomo ikuyenda, akusakasaka mawu.

"Akuti... golide ili pansi kwa mtengo wamkulu. Tikapita mawa, ife tonse tilemera anthu."

Ndinawayang'ana apongozi. Ndinaona mlomo wawo ukugwedezeka. Zolakwa zinalipo, ndipo munthu amene anagwira choko moyo wake wonse sangalephere kuzimva. Kenako anamenya dzanja pampando n'kufuula ndi mawu a a Chimimba.

"Mwamva anyamata? Mawa tilemera anthu!"

Sanamukonze. Tadala anamasulira mpaka filimu inatha, ndipo chakumapeto ankachita kulimbirana mawu ndi agogo ake.

Amene munakulira m'matauni a kwathu mukukumbukira zisakasa za vidiyo zija, mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, sipika ikulira mpaka kumsika. Munali anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, moti Mtchaina wa karate ankalankhula za ku Ndirande ngati anabadwira konko. Ophunzira ankanyoza kuti akuwononga filimu. Koma ife tinkadzaza mabenchi, chifukwa nkhani yochokera kutali inkafika itavala zovala zathu.

Lachitatu lija ndinazindikira chinthu chomwe chinandichititsa manyazi. Ndinadzifunsa kuti, kodi ana angawa Chichewa amachimva nthawi ziti? Ndinayamba kuwerenga. "Tsika pamenepo." "Ndani wataya madzi apa?" "Ndikuwerengera mpaka katatu." "Dikira amayi ako abwere." Tikamaseka nawo, timaseka m'Chingerezi. Tikamawayamikira, Chingerezi. Mphatso ya tsiku lobadwa imaperekedwa m'Chingerezi. Koma mwana akaswa mbale, Chichewa chimatuluka chokha, chakuya, cha ku Dowa chenicheni.

Ndiye tikakumana kutchalitchi timadandaula kuti ana a masiku ano akukana chiyankhulo chawo. Inuyo mukanakhala mwana, mukanachikonda chiyankhulo chomwe chimangobwera pamodzi ndi tsinya? Ndifunse mosabisa, inu a ku Joondalup, inu a ku Mirrabooka, ndi anzathu a ku Zambia omwe: mwana wanu munaseka naye liti m'chiyankhulo chanu mpaka misozi?

Mayi a Tadala anafika cha m'ma folo koloko. Monga mwa lamulo la m'nyumba mwathu masiku ano, anadutsa osakhudza munthu, molunjika kubafa. Potuluka anapeza filimu tayiyambanso kachiwiri. Mwayi anali atavala poto kumutu, Tadala atanyamula mthiko ngati lupanga, ndipo a Kamwendo, mkulu wa mpingo, atamanga tayi yanga yakuntchito mophimba diso limodzi, akulamula kuti a Chimimba aponyedwe m'madzi. A Chimimba ndinali ine. Ndinali nditakwera kale pampando wa kukhitchini, ndikupempha chikhululukiro.

Mayi a Tadala anaima pakhomo thaulo lili kumutu.

"Adadi? Ndinu?"

"Ndine a Mandevu," anayankha osaseka.

"Inu amene munkalowa m'zisakasa za vidiyo ndi ndodo, kukatulutsa ana asukulu? Inu amene munandilimitsa m'munda wa sukulu sabata yathunthu chifukwa anandiona pakhomo la vidiyo? Pakhomo pokha, osalowa n'komwe!"

Anawo anasiya masewera. Nkhani yoti amayi awo analangidwapo inawakomera kuposa filimu.

A Kamwendo anakweza tayi ija pang'ono kuti aone bwino mwana wawo.

"Unkaganiza kuti ndinkangofika n'kulowa? Ndinkaima kaye kuseri kwa chisakasa, kudikira kuti filimu ifike pabwino podulira."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Nthawi zina mpaka ithe. Mwini wake ankandisungira kampando kuseriko."

Mayi a Tadala anakhala pansi pomwepo, akuseka manja ali kunkhope. Sindinathe kusiyanitsa ngati zonsezo zinali kuseka kokha.

Lachinayi tinaoneranso. Lachisanu tinaonera kawiri, ndipo nkhani inkasintha ulendo uliwonse. Mbatata inasanduka chinangwa, kenako mutu wa mbuzi. Lipoti la abwana ndinatumiza mochedwa, ndipo chifukwa chomwe ndinapereka sindichilemba pano.

Loweruka masana, kwathu kukali m'mawa, tinaimbira apongozi aakazi ku Lilongwe monga timachitira sabata iliyonse. Nthawi zonse anawo amangoonetsa nkhope, kugwedeza dzanja, n'kuthawa. Ulendo uno Mwayi analanda foni m'manja mwa amayi ake, n'kuiyandikiza mpaka agogo ake ankangoona mphuno.

"Agogo! Agogo! A Mandevu ndi woipa, koma osati kwambiri. Anafuna golide. Nabanda anabisala mu... mu chiyani, agogo?"

"Mumgolo," anatero a Kamwendo chapansipansi.

"Mumgolo! Kenako adadi anagwa m'madzi chifukwa anaba mutu ya mbuzi!"

Anafotokoza filimu yonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, mawu ena akuthyoka, ena akubwereka kwa Tadala yemwe ankamunong'oneza pambali.

Kenako apongozi aakazi analankhula.

"Kodi amene akulankhulayu ndi Mwayi?"

"Ndi yemweyo, amayi," anatero mayi a Tadala.

"Ine mawu ake sindinkawadziwa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupempha kuti foni ipite kwa amuna awo.

"Bambo a Chisomo, ndamva kuti mukuvutitsa mwana za ndege."

A Kamwendo anatsokomola. "Ndimati mwina nkhukuzo zikukulemerani nokha."

"Nkhuku zili bwino, zikuikira kuposa mmene munaliri kuno. Inu khalani konko, ntchito mwaipeza. Mudzabwere mwanayo akadziwa kuti mutu ndi wa mbuzi, osati ya mbuzi. Tsopano bwezerani foni kwa Mwayi, sanandiuze ngati golideyo anamupeza."